Osasuzumira Kumbuyo

Mayeso omaliza a akawunti ndinawalephera kawiri, ndipo sindichita manyazi kunena. Ulendo woyamba ndinaperewera malikisi asanu ndi limodzi, wachiwiri atatu okha. Wosandidziwa angaganize kuti mutu wangawu ndi wouma. Ayi ndithu, mutu ndili nawo, chimene chinkandipweteka ndi phuma. Funso ndinkalilowa ngati munthu wothamangira basi yonyamuka, n'kudzazindikira ndili pakati pa ulendo kuti basiyo ikulowera kwina.

Bambo anga anagwira ntchito yoyendera matikiti m'mabasi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo ngakhale anapuma, dzanja lawo silinapume. Pepala lililonse lowafika m'manja, kaya ndi kalata kaya ndi lisiti la kugolosale, amaliwerenga kutsogolo kenaka n'kulitembenuza. Amati wakuba tikiti amagwidwira kumbuyo. Tsiku limene zotsatira zachiwiri zinatuluka anazitembenuza chomwecho, ngati kuti malikisi atatu aja abisala kuseri, kenaka anavula magalasi.

"Mzime wanga, tamvera. Ulendo wachitatu ndikulola, koma ndi womaliza. Kufikira utakhoza, sindikufuna kumva za mwamuna, ngakhale fungo lake. Ndikangomva, mayeso athera pomwepo, upita kwa azakhali ako kukagulitsa m'sitolo."

Ndinavomera mosavuta. N'kuti ndisanakumane ndi a Wotchi.

* * *

Dzinali tinawapatsa ndife a kukoleji, chifukwa m'chikwama chawo simunkasowa kawotchi kakale ka mabelu awiri pamutu. Belu limodzi analimanga ndi labala mayi woyang'anira laibulale atadandaula. Pepala limene linkandizunza ineli iwo analikhoza ulendo umodzi, ndipo ankabwerabe kudzakonzekera lina. Anali mnyamata wamtali, wosathamangira kuyankhula, wa malaya ositidwa mpaka kolala kuima njo. Atsikana ankawaponyera maso, iwo maso ali pa wotchi.

Tinakumana m'kachipinda kokambirana ka pamwamba pa laibulale, ka tebulo lalitali ndi fani yopukusa mutu mbali imodzi yokha. Ndinali ndi buku la mafunso oyeserera, lija lokhala ndi mafunso kutsogolo, mayankho kumapeto. Chala changa chakumanzere chinali kumapetoko.

"Pepani achemwali, chala chanucho chikutani kumbuyoko?" anandifunsa.

"Chikusunga malo."

"Chikuba. Mukawerenga yankho mutu umavomera kuti eya, izi ndimazidziwa, chonsecho sukuzidziwa. Tsiku la mayeso kumbuyo kulibe."

"Ndakufunsani?"

"Simunandifunse. Koma ndakuonani masiku atatu, mwamaliza mafunso makumi atatu. Tachotsani chalacho mundichitire limodzi lokha mwa amenewo."

Ndinachotsa mwamatama. Mphindi khumi zinatha ndikutafuna cholembera. Funso lomwe dzulo lake ndinalichonga kuti ndalidziwa linkandiyang'ana ngati sitinaonanepo. Ndinapsa mtima, komanso ndinawakonda pomwepo, ngakhale izi ndinadzazivomera patapita masabata.

Kuyambira tsiku limenelo anandipatsa dzina loti Liwiro, pamodzi ndi malamulo awo. Funso umayamba kuliwerenga kumunsi, pamene wofunsa wanena chimene akufuna, kenaka n'kubwerera ku nkhani yake, kuti usasenze manambala opanda ntchito. Funso la malikisi makumi awiri ndi asanu ndi la mphindi makumi anayi ndi zisanu, belu likalira cholembera pansi ngakhale watsala mzere umodzi. Mitu ya maphunziro tinailemba pa timapepala n'kuponya m'chitini cha mabisiketi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapisamo dzanja nditatsinzina, poti mayeso safunsa kuti lero wadzuka ukukonda mutu uti. Funso limene landigwetsa linkabweranso pakatha masiku atatu, kenaka pakatha sabata, mpaka litagonja. Koma lamulo lalikulu pa onse linali lija la tsiku loyamba, osasuzumira kumbuyo.

Panalinso kope la zolakwa. Mmenemo ndinkalemba chimene ndalakwa, chifukwa chake, ndi chimene ndidzachite ulendo wina, m'mawu angaanga ngati ndikudzikalipira. Loyamba linadzaza m'miyezi iwiri. A Wotchi anandigulira lachiwiri, lachikuto chobiriwira, atalemba kale pamwamba ndi cholembera chofiira kuti ZOLAKWA ZANGA.

"Lalikulu chonchi? Mukundiyesa wochimwa bwanji?" ndinawaseka.

"Muziyenda nalo tsamba ndi tsamba kuyambira kutsogolo. Kumbuyo kwake mudzafikako mukadzakhoza."

Za chikondi sananenepo kanthu, inenso ndinatseka pakamwa. Ankanditchula inu, ine n'kumawatchula inu, koma inu wathuyo ankachita kutsekemera. Tsiku lililonse ankandiperekeza mpaka pokwerera basi, akundifunsa mafunso m'njira, ndipo mabasi awiri atatu ankatidutsa tikunamizira kuti ndi odzaza.

* * *

Kutatsala masiku khumi ndi awiri kuti mayeso achitike, Lachiwiri m'mawa, chitini chinandipatsa mutu wa kutsika mtengo kwa makina akamagwira ntchito. Funso linati kampani inagula makina pa 1 Epulo, ndipo chaka chake chimatha pa 31 Disembala. Ndinalimaliza belu lisanalire, n'kupinda manja ngati mwini koleji.

A Wotchi anayendetsa cholembera chofiira mzere ndi mzere, kenaka chinaima.

"Makinawa agwira ntchito miyezi ingati?"

"Isanu ndi itatu. Disembala ndi 12, Epulo ndi 4, mukachotsera..."

"Tambasulani zala."

"Ine? Munthu wamkulu, kakyuleta ili pomwepa?"

Anangonditenga dzanja, koyamba chikumanirane, n'kuyamba kupinda zala zanga chimodzichimodzi. Epulo, Meyi, Juni, Julayi. Pa Ogasiti dzanja linatha, anatenga linalo. Pofika Disembala zala zopinda zinali zisanu ndi zinayi, ndipo mtima wanga unkagunda kuposa kawotchi kaja.

"Epulo naye ndi mwezi, a Liwiro. Mwamudumphanso. Njira yonse mwakhoza, malikisi a njira mwatenga, koma awiri apita. Ulendo watha munaperewera angati?"

"Atatu."

"Ndiye lembani."

Ndinakoka kope lobiriwira ndi dzanja lomwe analimasula, n'kulemba: *Lachiwiri. Ndadumphanso mwezi. A Wotchi akuti ndi miyezi isanu ndi inayi, palibe kuchitira mwina. Cholakwa ndi changa, phuma. Ndikanawerenga ndi zala izi sizikanachitika. Bambo asamve, angakomoke.* Mawu omalizawo ndinalemba moseka, poganizira mmene Bambo angamvere kuti mwana wawo wa kukoleji akulephera kuwerenga miyezi ya pakalendala.

Chitseko chinatseguka dzanja langa lina likadali m'manja mwawo. Analowa Fotokope.

Ameneyu timakhala msewu umodzi, ndipo amayi ake ndi amayi anga amaimba kwaya imodzi. Nayenso ankakonzekera pepala lomwelo. Dzinalo analipata chifukwa anajambulitsa mayankho a mapepala a zaka khumi n'kumawaloweza ngati nyimbo. Ndi wokongola, sindingamuname, koma chikomekome cha mkuyu mukuchidziwa. A Wotchi ankawafuna mosabisa, ndipo tsiku limenelo anawatengera botolo la chakumwa chozizira, limodzi lokha, ngati ine ndilibe pakhosi.

"Eee, koma kuphunzira kwa masiku ano! Mpaka kugwirana manja?" anatero.

"Tikuwerenga miyezi," a Wotchi anayankha mwachilungamo chawo chija.

"Miyezi? Mwayamba kale kuwerenga miyezi?" Anaseka yekha, kenaka anawakankhira pepala. "Tandionereni langali, aphunzitsi. Ine sindichita kugwiridwa dzanja."

A Wotchi analiwerenga mwachifatse.

"Yankho lokongola kwambiri. Kungoti ndi la funso la zaka zitatu zapitazo. Wofunsa anasintha tsiku logulira makina, inu simunasinthe kanthu."

Ndinayesetsa kuti ndisaseke, koma mphuno inandipereka. Fotokope anandiyang'ana diso lija limene mkazi mnzako akakuyang'ana umadziwa kuti nkhani siyinathe. Ine mwamatama anga sindinasamale. Ndinatsika kukabweza buku la laibulale, a Wotchi anatuluka kukayankha foni, kope lobiriwira linatsala patebulo chitsegulire.

* * *

Ndili m'basi masana amenewo, foni inanjenjemera.

"Zala zafika bwino?" anali a Wotchi.

"Zisanu ndi zinayi zili bwino. Chakhumi chikudandaula kuti sichinagwiridwe."

Yankho linachedwa mpaka basi inaima kawiri.

"Chiuzeni chidikire tsiku la zotsatira."

Uthengawo ndinauwerenga kasanu ndi kamodzi, kuyambira kumunsi ndi kumwamba komwe, ndipo mbali zonse unkanena chimodzimodzi. Ndinatsika basi mapazi asakugunda pansi. Akuluakulu sananame, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amayi ndinawapeza atakhala pa mpando wa kukhitchini, mpango utapendekeka, foni ili m'manja, maso ali psuu.

"Mwana iwe, wandivula nsalu pagulu."

"Kwagwanji, Amayi?"

"Ukundifunsa ine? Kwaya yonse ikudziwa, ine mayi wako ndikumva pomaliza!"

Anandiloza ndi foni. Panali chithunzi cha tsamba la kope langa, chojambulidwa bwinobwino ndi munthu wodziwa ntchito yake. Chinachokera kwa amayi ake a Fotokope, ndi mawu pansi oti, *Anzanga, mwana wanga wandionetsa izi akulira. Ndati ndisakubisireni.* Ndinawerenga mawu anga omwe ndi maso a Amayi. Ndadumphanso mwezi. Miyezi isanu ndi inayi. Bambo asamve.

Ndinaphulika kuseka mpaka kugwira chitseko.

"Ukuseka? Mimba ukuiseka?"

"Amayi, mimba yake iti? Ndi makina awa!"

"Makina! Ndimo mukutchulira masiku ano?"

Bambo anatulukira kuchokera pabalaza. Sanakweze mawu, ndipo akatero ndiye kuti zavuta. Anapita pakalendala ya pakhoma pamene ndinapachika kapepala kanga kolowera mayeso, anakachotsa, anakatembenuza, n'kukaika m'thumba la malaya.

"Bambo, ndiloleni ndifotokoze."

"Mlandu sindimva mbali imodzi. Mawa teni koloko a Wotchi akowo abwere kuno, ndi wotchi yawo yomwe. Kopelo lidzakhale patebulo."

Apo kuseka kunandithera. Miyezi inayi ya thukuta inali m'thumba la malaya, ndipo sitolo ya azakhali ndinachita kuimva fungo la sopo.

Dzuwa lisanalowe ndinawalembera a Wotchi zonse.

"Ndibwera," anayankha. "Koma kope lobiriwira lili ndi ndani?"

"Lili m'chikwama changa."

"Bwanji mungong'amba tsamba limodzilo, mukawaonetse lokhalo?"

"Ndibise chiyani? Mulibe chochititsa manyazi mmenemo. Aliwerenge lonse aone mmene ndavutikira."

Foni inaonetsa kuti akulemba, n'kusiya, akulemba, n'kusiya. Pomaliza panafika mawu awiri okha: "Chabwino. Mawa."

* * *

Anafika kutatsala mphindi zisanu, malaya oyera, chikwama paphewa. Bambo anawaloza mpando wouma wa pafupi ndi chitseko, uja timakhazikapo anthu odzawerenga mita ya madzi. Amayi anakhala kumapeto kwa sofa, Baibulo lili pamiyendo. Patebulo panali kope lobiriwira, ndipo a Wotchi ankaliyang'ana ngati njoka yogona.

"Ndinu a Wotchi?" anayamba Bambo.

"Ndi dzina la kukoleji, bambo."

"Miyezi isanu ndi inayi mwaiwerenga ndinu?"

"Eya, bambo. Ndi zala."

Amayi anafuula kuti mayo ine. Ndinaona kuti munthuyu ndikamusiya adzimangirira yekha ndi chilungamo chakecho, choncho ndinaimirira.

"Bambo, ndipatseni mphindi khumi zokha. A Wotchi, tcherani."

Anatulutsa kawotchi, anakatchera, n'kukaika pakati pa tebulo pamodzi ndi chitini cha mabisiketi. Ine ndinatsegula buku la mafunso pa tsamba lake.

"Tiyerekeze kuti kampani yanu ija yagula basi yatsopano pa 1 Epulo. Chaka chikutha pa 31 Disembala. Basiyo yayenda miyezi ingati?"

Bambo anakweza chibwano. "Funso la mwana wa pulayimale. Thwelofu kuchotsa folo. Isanu ndi itatu."

"Amayi, tawerengani ndi zala."

Amayi anandiyang'ana mokayika, koma anaika Baibulo pambali. Milomo inkayenda, zala zikupindika. Atafika Disembala anayang'ana manja awo, kenaka anayang'ana Bambo.

"Isanu ndi inayi, bambo ake. Imeneyi ndiye musanditsutse, ndabereka kanayi ine."

"Mwadumpha mwezi, Bambo," ndinatero mofatsa. "Epulo naye ndi mwezi. Chimene mwachita inu lero ndi chimene ndinachita ine dzulo, ndipo chinandidyera malikisi awiri. Mimba yake ndi imeneyo."

Ndinawaonetsa funso m'buku, yankho langa lochongedwa ndi chofiira, ndi tsamba la m'kope, masiku ake akugwirizana. Ndinawatsegulira masamba ena. *Ndinayankha zimene sanafunse. Ndinakakamira funso limodzi mpaka nthawi kutha. Sindinaonetse njira.* Ndinawauza kuti sabata yatha ndinalemba pepala lathunthu la maola atatu, chitseko chotseka, foni ili kunja, ndipo ndinapeza malikisi makumi asanu ndi limodzi kudza anayi, ine amene ndinkakanika kufika makumi asanu. Amayi anayamba kuseka misozi ili m'masaya, akutukwana kwaya yonse mmodzimmodzi. Bambo zala zawo zinkayenda mobisa pa bondo. Ankawerenga miyezi.

Pamenepo ndikanakhala pansi nkhani ikanatha bwino. Koma Liwiro ndi Liwiro.

"Mwaona, Bambo? Pakati pa ine ndi a Wotchi pali mafunso okhaokha."

"Mafunso okhaokha," anabwereza Bambo. Munthu amene wagonja pa masamu pamaso pa mkazi wake amafuna pogwira. Anatambasula dzanja, anatenga kope lobiriwira, analitseka, n'kulitembenuza.

A Wotchi anatsokomola ngati atsamwa.

"Iwe, kumbuyo kuno unafikako?" anandifunsa Bambo atatsegula chikuto.

"Ayi. Sitisuzumira kumbuyo."

"Ine ndimasuzumira." Anakonza magalasi n'kuwerenga mokweza, liwu ndi liwu, ngati akuwerengera woweruza. "Funso lomaliza. Malikisi 100. Liwiro, ukadzakhoza mayeso, kodi udzandilola ndibwere kwa makolo ako ndidzakupemphe? Onetsa njira imene wapezera yankho."

Anatembenuzira kope kwa ine. Zilembo zofiira, zoongoka, ndi tsiku la miyezi iwiri yapitayo. Miyezi iwiri ndikuyenda nalo m'chikwama, kugona nalo kumutu, osadziwa. Ndipo sanalembe inu. Analemba iwe.

Belu la kawotchi linalira. Tonse tinadzidzimuka kupatula Bambo.

"Nthawi yatha," anatero. "A Wotchi, funso limeneli lili m'buku liti?"

A Wotchi anaimirira, thukuta lili kamukamu, koma mawu sananjenjemere.

"Ndi langa, bambo. Mwana wanu ndimamukonda. Lamulo lanu anandiuza, n'chifukwa chake ndinalemba kumene ndinkadziwa kuti safikako. Ngati ndalakwa, ndalakwa ine, iye sanadziwe kanthu. Musamulande mayeso."

Kunena zoona ndinafuna kulira, osati ndi mantha koma ndi chimwemwe, pakuti mawu amene ndinawadikira miyezi inayi anatuluka pamaso pa makolo anga, pa mpando wa owerenga mita. Koma dzanja la Bambo linali litapita kale pa thumba la malaya, ndipo kulira kukanandidyera nthawi. Ndinachita chimene ndinaphunzitsidwa. Ndinapuma, n'kuliwerenganso funsolo modekha.

"Bambo, funso limawerengedwa lonse. Inu munati kufikira nditakhoza. Apa alemba kuti ukadzakhoza. Funsoli ndi lamulo lanu zikuyenda njira imodzi. Palibe amene wakwera basi wopanda tikiti."

Ndevu za Bambo zinagwedezeka pang'ono. Amayi anabisa pakamwa ndi mpango.

"Ndiye yankho lako ndi lotani?" anafunsa Bambo.

Ndinatenga cholembera chofiira m'thumba la a Wotchi, n'kukhala pansi. Ndinatchinga tsambalo ndi mkono ngati m'chipinda cha mayeso, ndipo ndinalemba mosathamanga, yankho ndi njira yake yomwe, mpaka tsamba kudzaza. Nditamaliza ndinatseka kope, ndinagwada, n'kulipereka kwa Bambo ndi manja awiri.

"Musunge ndinu mpaka tsiku la zotsatira. Koma kope limeneli lili ndi lamulo limodzi, Bambo. Osasuzumira kumbuyo."

Bambo analiyang'ana nthawi yaitali, chala chawo chachikulu chikuyabwa pa chikuto. Zaka makumi awiri ndi zisanu za kutembenuza mapepala zinalimbana ndi ulemu wawo, ndipo ulemu unapambana. Analiika m'kabati ya magalasi, anakhoma, kiyi n'kupatsa Amayi. Kenaka anatulutsa kapepala kolowera mayeso n'kukaika patebulo.

"Mayeso ulemba. Koma tamverani nonse awiri. Kuyambira lero mpaka zotsatira zitatuluka, osaonana, osalemberana. Foni yako ibwere kuno. Ukakhoza, kabati itsegulidwa, mnyamatayu adzawerenga yekha. Ukaperewera ngakhale malikisi amodzi, kopeli lipsa osawerengedwa, iwe ulendo kwa azakhali ako. Tamvana?"

Masiku khumi ndi limodzi otsala kuti mayeso afike, kuphatikiza masabata asanu ndi limodzi odikira zotsatira. Ndinawerenga ndi zala pansi pa tebulo, osadumpha ngakhale limodzi.

"Tamvana, Bambo."

A Wotchi ananyamula chikwama. Kawotchi ndi chitini anazisiya patebulo ngati aiwala, ndipo Bambo anayang'ana kudenga ngati sanaone. Pakhomo a Wotchi anatembenuka, maso awo akufufuza nkhope yanga kuti apezepo yankho. Ndinaumitsa nkhope gwa. Lamulo analiika okha.

* * *

Ndinathamangira pawindo la kuchipinda kwanga, limene limayang'ana kugeti. Sindinadabwe kuona amene anaima kutsidya kwa msewu, atavala diresi yachikasu, mulu wa mapepala uli pachifuwa. Fotokope anabwera kudzaonerera maliro anga. Ataona a Wotchi akutuluka okha, mutu uli pansi, anawoloka msewu mothamanga, ndipo anayankhula mokweza kuti mawu afike pawindo.

"Pepanitu aphunzitsi, zamveka kale. Akuletsani eti? Musadandaule, pachoka mnzako pali malo. Mawa ndikhala pa mpando uja wa pansi pa fani. Mundiphunzitse ndi zala zomwe, ine bambo anga savuta."

Anawatambasulira mapepala. A Wotchi anazengereza, anayang'ana kunyumba kwathu, koma katani inandibisa. Munthu waulemu uja sadziwa kukana chinthu chimene wapatsidwa m'manja. Analandira. Ananyamuka onse awiri kulowera kokwerera basi, diresi yachikasu ikuyandikira malaya oyera pang'onopang'ono, ndipo ine ndinalibe foni, ndinalibe kope, ndipo mwamunayo sankadziwa ngati ndalemba eya kapena ayi.

Nsanje inandiluma, sindikana. Inandiluma mpaka m'mano. Ndinaima pawindopo mpaka anakhota pakona, kenaka ndinapita pabalaza kukatenga zimene anandisiyira.

Ndinatseka chitseko, ndinatchera kawotchi pa mphindi makumi anayi ndi zisanu, ndinatsinzina n'kupisa dzanja m'chitini. Kapepala kanatuluka ndi mutu womwe uja, kutsika mtengo kwa makina. Ndinaseka ndekha. Ndinawerenga funso kuyambira kumunsi, ndinaika kakyuleta pambali, n'kutambasula manja onse awiri patebulo. Epulo, Meyi, Juni, mpaka Disembala, zala zisanu ndi zinayi zinapindika bwinobwino.

Chakhumi ndinachisiya chiimire. Chimenecho chili ndi mwini wake, ndipo Fotokope ajambule zonse zimene angathe, koma yankho lili m'kabati, kiyi ali ndi Amayi.